MSEU WA ONSE NDI UTI, NDIPO ALIPIRE NDANI GALIMOTO IKAFERA PANJIRA?

Yense amene amayenda usiku pa mseu wa M1 adziwa chimene nthambi zaziwisi zoyalidwa pa phula zitanthauza: patsogolo pali galimoto yakufa. Nthambizo ndizo chenjezo la anthu amene asowa pogwira, ndipo kawirikawiri woyendetsa wobwera m'mbuyo amaziona nthawi itatha, makamaka pokhota ndi potsetsereka monga pa zitunda za Chiweta kapena pa Thabwa potsikira ku Chikwawa. Lole yotere ikhoza kugona pamseu usiku wonse, mwinanso masiku angapo, mwini wake akali kufunafuna makaniko ndi chitsulo chochokera kutauni. Pa nthawi yonseyo mabasi odzaza ndi anthu, anjinga ndi oyenda pansi amalambalala pambali pake moika moyo pachiswe.

Funso loyenera kulisanthula ndi lakuti: kodi kuchotsa galimoto yotere ndi kuthandiza woyendetsa wake ndi nchito ya mseu, yoyenera kulipiridwa ndi ndalama za miseu, kapena ndi tsoka la mwini galimoto yekha? Funsoli lioneka lapafupi, koma maiko amene anayamba kale kulimbana nalo anapeza kuti yankho lake lagona pa mau awiri a m'malamulo. Oyamba ndi akuti "mseu wa onse" ndi uti. Achiwiri ndi akuti "nchito ya mseu" iyambira pati ndipo ilekezera pati. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti thandizo lotere liyenera kulipiridwa ndi thumba la miseu, koma pokhapokha lamulo litatchula momveka miseu imene thandizolo lidzafikako ndi malire ake.

MATANTHAUZO AWIRI A MAU AMODZI

Anthu ambiri aganiza kuti mseu wa onse ndi njira iliyonse imene munthu angadutsepo popanda womuletsa. Komatu malamulo sanena chimodzi chokha. M'maiko ambiri mau amenewa ali ndi matanthauzo awiri, lina lotambasuka ndi lina lopapatiza, ndipo lililonse lili ndi nchito yake.

Tanthauzo lotambasuka limapezeka m'malamulo a kayendetsedwe ka magalimoto. Ku South Africa, lamulo la 1996 lotchedwa National Road Traffic Act liwerengera ngati mseu wa onse mseu uliwonse, ndiponso malo ena alionse amene anthu amagwiritsa nchito kawirikawiri kapena amene ali ndi ufulu wolowamo, pamodzi ndi mphepete mwa mseu ndi milatho yake. Cholinga chake nchodziwika: woyendetsa woledzera kapena wopanda laisensi asapulumuke mlandu pongonena kuti pamene anagunda munthupo panali pabwalo la sitolo, osati pamseu wa Boma.

Kuopsa kwa tanthauzo losakwanira kunaoneka ku Britain. Lamulo lakumeneko la 1988 linkakakamiza inshuwalansi pa galimoto iliyonse yoyenda "pamseu". Mu 1998 bwalo lalikulu koposa la nthawi imeneyo, House of Lords, linagamula kuti malo oimikapo magalimoto si mseu, chotero anthu amene anavulazidwa pamalo otere sanathe kulandira chipukutamisozi kudzera mu inshuwalansi yokakamizidwa ndi lamulo. Mu 2000 boma la Britain linakonza lamulolo poonjezerapo malo ena onse ofikamo anthu wamba. Mau ochepa okha amene olemba lamulo anawasiya ndiwo anasowetsa anthu ovulala pogwira.

Tanthauzo lopapatiza limapezeka m'malamulo a ndalama. Ku America, lamulo lalikulu la miseu, limene lili m'gawo 23 la malamulo a dzikolo, linena kuti mseu wa onse uyenera kukhala ndi zinthu zitatu pamodzi: ukhale m'manja mwa bungwe la boma, ukhale wosamalidwa ndi bungwelo, ndipo ukhale wotseguka kwa anthu onse. Mseu wodutsa m'munda wa kampani, ngakhale anthu audutse tsiku ndi tsiku, sulowa m'gulu limeneli, pakuti palibe bungwe la boma louyang'anira ndi kuukonza. Mseu wa m'kati mwa msasa wa asilikali wotsekedwa ndi chipata sulowanso, ngakhale uli wa boma, pakuti si aliyense angaudutse.

Kuno ku Malawi kusiyana komweku kulipo. Lamulo la Road Traffic Act la 1997 liona za oyendetsa, magalimoto ndi makhalidwe apamseu. Koma mwambo wogawa miseu m'magulu unakhazikika ndi lamulo la Public Roads Act la 1962, ndipo mpaka lero zilembo M, S, T ndi D pa mapu ndi pa zikwangwani zisonyeza miseu ikuluikulu, yachiwiri, yachitatu ndi ya m'maboma. Zilembozi si zokongoletsa mapu. Izo zisonyeza bungwe limene lili ndi udindo pa mseuwo, kaya ndi Roads Authority kapena khonsolo, ndiponso thumba loyenera kuusamalira. Chotero wapolisi akhoza kugwira woyendetsa wosasamala pamalo pamene ndalama za miseu sizingafike. Yense wokonza za thandizo lapanjira ayenera kuyamba wadziwa kuti mwa matanthauzo awiriwa adzatsata liti.

NDALAMA ZA MAFUTA NDI MPANDA WAKE

Nkhani ya mau achiwiri aja, "nchito ya mseu", iyambira pa msonkho wa mafuta. Chigawo cha Oregon ku America ndicho chinayamba kudula msonkho wa petulo mu 1919, senti imodzi pa galoni, ndipo pofika 1929 zigawo zonse za dzikolo zinali zitatsanzira. Pangano lake ndi oyendetsa linali losavuta: amene ayenda kwambiri amagula mafuta ambiri, chotero amalipira zambiri zokonzera mseu umene auperepesa. Koma pamene chuma chinagwa m'zaka za m'ma 1930, zigawo zambiri zinayamba kutapa ndalamazo kuti zilipire sukulu ndi kuthandiza osowa nchito. Oyendetsa anadandaula, ndipo mu 1934 lamulo la Hayden-Cartwright linaopseza kuchepetsa thandizo la boma lalikulu kwa zigawo zopatutsa ndalama za miseu. Zigawo zambiri zinalemba m'malamulo ao aakulu kuti msonkho wa mafuta ugwire nchito za miseu zokha.

Chitsanzo chophunzitsa koposa ndi cha chigawo cha Washington. Mu 1944 anthu akumeneko anavomereza kusintha malamulo ao aakulu, ndipo olemba sanalekere pa mau akuti "nchito za miseu" okha, koma anandandalika nchitozo: kumanga ndi kukonza miseu ndi milatho, kuika zikwangwani ndi nyali, kulondera miseu kochitidwa ndi apolisi a chigawocho, ndiponso kuyendetsa zombo zoolotsa magalimoto zimene zili mbali ya mseu. Mu 1969 bwalo lalikulu la chigawocho linaletsa kugwiritsa nchito ndalamazo pokonza mapulani a mabasi ndi masitima onyamula anthu, ponena kuti imeneyo si nchito ya mseu monga lamulo linatanthauzira. Phunziro lake nlakuti chimene chinalembedwa pamndandanda chimalipiridwa popanda mkangano, koma chimene chinasiyidwa chimakathera kubwalo la milandu.

Britain inaonetsa mbali ina ya nkhani yomweyi. Thumba la miseu lotchedwa Road Fund linakhazikitsidwa mu 1920, koma Winston Churchill, ali Nduna ya Zachuma, anatapamo ndalama mu 1926 ndi 1927 kuti zigwire nchito zina za boma, ndipo pofika 1937 msonkho wa magalimoto unayamba kulowa m'thumba lalikulu la boma monga misonkho ina yonse. Mpanda ukangoboolapo kamodzi, ngakhale pa chifukwa chabwino, mbuzi zonse zimadzera pomwepo. Amene amaopa kutsegula thumba la miseu kuti lilipire thandizo lapanjira saopa pachabe.

Malawi nayenso anamanga mpanda wotere. Bungwe la National Roads Authority linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997, ndipo mu 2006 Nyumba ya Malamulo inaligawa pawiri: Roads Authority yoyang'anira nchito, ndi Roads Fund Administration yosunga ndi kulipira ndalama. Kugawa kumeneku kunali kwanzeru, pakuti wogwira nchito sayenera kukhalanso wosunga kiyi wa thumba. Ndalama za thumbali zimachokera makamaka ku msonkho umene umaikidwa pa mtengo wa petulo ndi dizilo, ku malipiro a magalimoto akunja odutsa m'dziko muno, ndi ku zipata zolipiritsa za pa Chingeni, chimene chinatsegulidwa mu November 2021, ndi pa Kalinyeke, chimene chinatsegulidwa mu January 2022. Cholinga chachikulu cha thumbali ndi kusamalira ndi kukonzanso miseu ya onse. Tsono funso la ku Washington ndi la ku London ndi funso la ku Lilongwe lomwe.

MMENE ENA ANACHITIRA

Kulondera miseu ndi cholinga chothandiza magalimoto akufa kunayamba mwadongosolo ku Chicago mu 1960, pamene chigawo cha Illinois chinaika magalimoto ake oyendayenda pa miseu ikuluikulu ya mumzindawo. Koma dongosolo limene lili ndi malamulo omveka bwino ndi la ku California. Mu 1985 chigawochi chinalola maboma a m'madera kuonjezera dola imodzi pa malipiro a chaka ndi chaka olembetsera galimoto, kuti ndalamazo zilipire matelefoni oitanira thandizo oikidwa m'mphepete mwa miseu ikuluikulu. Mu 1991 dera la Los Angeles linayamba kuyendetsa magalimoto okoka anzao, amene kuno anthu amawatcha mabulekidauni, ndipo mu 1992 lamulo lotchedwa Freeway Service Patrol Act linakhazikitsa nchitoyi m'chigawo chonse. Lamuloli linati dera lofuna ndalama za chigawo liyenera kuikapo zakezake zosachepera 25 pa 100 iliyonse ya ndalama zimene lilandira. Mu 2017 chigawochi chinaonjezera madola 25 miliyoni pachaka pa nchitoyi kuchokera ku misonkho yatsopano ya mafuta ndi magalimoto.

Chofunika kuchiona ndi malire a thandizolo. Olondera aja amasintha tayala, amathira mafuta okwana galoni imodzi, amadzutsa batire yofooka, amathira madzi mu injini yotentha, ndipo zimenezi zikalephera m'mphindi zochepa amakokera galimotoyo pamalo otetezeka kunja kwa mseu, amene apolisi apamseu anawasankhiratu. Woyendetsa salipira kanthu, ndipo wolondera saloledwa kulandira mphatso. Koma iwo sakokera galimoto kunyumba kwa mwini wake kapena kugalaja, ndipo sagwira nchito m'miseu ya m'malokesheni. Amayenda pa zigawo zotchulidwa za miseu ikuluikulu, makamaka pa maola amene magalimoto amachuluka. Magalimoto okokawo ndi a makampani wamba amene amapikisana kuti apeze kontirakiti, ndipo apolisi apamseu ndiwo amaphunzitsa ndi kuyang'anira oyendetsa ake.

Malire amenewa asonyeza maganizo a olemba lamulo. Iwo sanafune kuchitira chifundo mwini galimoto. Anafuna kutsegula mseu. Galimoto yakufa imachedwetsa onse obwera m'mbuyo, ndipo imaitana ngozi yachiwiri, imene kawirikawiri imaposa vuto loyamba. Thandizo limene woyendetsa alandira ndi njira chabe yofulumira yochotsera chopinga. Nchifukwa chake thandizolo limathera pamene galimoto yachoka pamseu.

Ku England njira yake ndi yosiyana pang'ono. Lamulo la Traffic Management Act la 2004 linakhazikitsa olondera miseu amene si apolisi, amene lero ali pansi pa bungwe la National Highways. Mphamvu zao zoimitsa magalimoto, kuwalozera kodzera ndi kutseka mbali ya mseu zimagwira nchito pa miseu ikuluikulu ya bungwelo. Akhoza kulamula kuti galimoto yoika anthu pangozi ichotsedwe, koma mwini wake ndiye amalipira mtengo woikidwa ndi lamulo. Kukonza galimoto kunasiyidwa m'manja mwa mabungwe olipiritsa mamembala ao, monga Automobile Association, imene inayamba mu 1905. Kumeneko boma limateteza mseu, mwini galimoto nalipira zotsala.

Njira yachitatu aidziwa bwino oyendetsa malole a ku Malawi amene amakatenga katundu ku doko la Durban. Pa mseu wa N3, kampani ya N3 Toll Concession, imene inalandira mu 1999 udindo wosamalira chigawo cha pakati pa Cedara ndi Heidelberg, imayendetsa magalimoto olondera usana ndi usiku, ndipo ndalama zake zimachokera ku zipata zolipiritsa. Zoterezi zilinso pa mseu wa N4 wopita ku Maputo. Apa funso lakuti mseu woyenera thandizo ndi uti layankhidwa ndi chipata chomwecho: amene walipira pachipata ndiye ali pa mseu wolonderedwa.

Palinso chenjezo lochokera ku Florida. Olondera akumeneko, otchedwa Road Rangers, anachepetsedwa mu 2008 pamene chuma chinavuta ndipo aphungu a chigawocho anadula ndalama zao. M'zigawo zingapo za America makampani a inshuwalansi akhala akuthandiza kulipira olondera posinthana ndi kulemba maina ao pa magalimotowo. Thandizo lotere nlabwino, koma nchito yodalira chifundo cha kampani kapena bajeti ya chaka chimodzi imazima pa nthawi imene ifunika koposa.

ZONENA ZA OTSUTSA

Otsutsa ali ndi mfundo zolemera, ndipo nkulakwa kuzinyoza. Yoyamba ndi yakuti Amalawi ambiri alibe galimoto, koma msonkho wa mafuta amaulipira onse, pakuti umalowa mu mtengo wa minibasi, wa feteleza ndi wa thumba la chimanga. Kodi nchilungamo kuti mlimi wa ku Nthalire alipirire tayala la munthu wa galimoto wa ku Blantyre? Yankho lake nlakuti lole yakufa yopanda nyali siipha mwini wake, amene nthawi zambiri ali kutali. Imapha okwera minibasi imene yaiomba kumbuyo, ndi wanjinga amene wakankhidwira kuphompho ndi basi yoizemba. Anthu opanda galimoto ndiwo apindula koposa mseu ukatseguka msanga. Koma mfundo ya otsutsayi ikhalabe yoona pa chinthu chimodzi: ngati thumba la miseu litayamba kugulira anthu zitsulo ndi kuwakokera magalimoto kwao, pamenepo osauka adzakhala akulipirira olemera. Malire ndiwo asiyanitsa chilungamo ndi kukondera.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti thumba la miseu silikwanira ngakhale pa nchito yake yoyamba. Maenje akali pa phula, milatho imakokoloka nyengo ya mvula, ndipo namondwe Freddy mu 2023 anaononga miseu yambiri m'chigawo cha kumwera. Kwacha iliyonse yopita kwa olondera ndi kwacha imene sinakwirire dzenje. Izi nzoona ndithu, ndipo nchifukwa chake thandizoli siliyenera kuyamba pa miseu yonse nthawi imodzi. Komanso galimoto yakufa nayo imaononga mseu: dizilo ndi oilo wotayikira pansi amafewetsa phula, majeki amaliboola, moto umene oyendetsa amasonkha usiku umaliwotcha, ndipo magalimoto olambalala amagumula m'mphepete. Kuichotsa msanga ndi kusamalira mseu monga momwe kuchotsa mtengo wogwera pamseu kulili, ndipo palibe amene amatsutsa kuti kuchotsa mtengo wotere ndi nchito ya mseu.

Mfundo yachitatu ndi yakuti thandizo laulere limalera ulesi, kotero kuti eni magalimoto okalamba adzawatulutsa pamseu podziwa kuti Boma lidzawatola. Mantha amenewa ngoyenera makamaka pa malole a malonda, amene kuwakoka kwake kumafuna makina aakulu ndi ndalama zambiri. Njira ya ku England ndiyo iyankha apa: Boma lichotse msanga, koma mwini lole kapena kampani yake ya inshuwalansi abweze mtengo woikidwa ndi lamulo asanatenge galimoto yake. Walira mvula walira matope. Amene apeza phindu poyendetsa katundu pamseu wa onse ayenera kusenzanso mtengo wake galimoto ikafa.

Mfundo yachinayi ndi ya ziphuphu. Paliponse pamene munthu wa yunifolomu ali ndi mphamvu yolamula kuti galimoto ikokedwe, pamakhala chiyeso chogwirizana ndi mwini bulekidauni kuti agawane. Vutoli silithetsedwa ndi kulangiza chabe, koma ndi mitengo yolembedwa poyera, makontirakiti opikisanirana, ndi kaundula wa galimoto iliyonse imene yathandizidwa.

ZOYENERA KULEMBEDWA M'LAMULO

Kuchokera pa zonsezi patuluka mfundo zisanu zimene dziko lililonse lokhala ndi thumba la miseu lotchingidwa, monga Malawi, liyenera kuzilemba lisanagule galimoto yolondera ngakhale imodzi.

Choyamba, thandizo lolipiridwa ndi thumba la miseu litsate tanthauzo lopapatiza, ndiye kuti lifike pa miseu yokhayo imene ili m'kaundula wa Boma ndipo imasamalidwa ndi bungwe la Boma. Ngati litatsata tanthauzo lotambasuka, thumba lidzaitanidwa ku bwalo la msika, ku mseu wa m'esiteti ndi kuseri kwa malo omwera mowa, ndipo lidzauma chaka chisanathe. Nduna ipatsidwe mphamvu yotchula m'Gazeti zigawo za miseu zimene zidzalonderedwa, ndipo lamulo linene poyera kuti mphepete mwa mseu ndi mbali ya mseuwo, pakuti magalimoto ambiri akufa amaima pamenepo.

Chachiwiri, nchitoyi itchulidwe ndi dzina lake pamndandanda wa zimene thumba lingalipire, monga anachitira a ku Washington ndi zombo zao. Kudalira kumasulira mau akuti "kusamalira mseu" nkuika mlembi wamkulu wa unduna ndi owerengera ndalama pa mpanipani, pakuti chimene wina achiyesa chololedwa chaka chino, wofufuza mabuku a Boma akhoza kuchiyesa kupatutsa ndalama chaka chamawa. Wanchito wa Boma sayenera kusaina chikalata cholipira pa chinthu chimene lamulo silinachitchule.

Chachitatu, lamulo liike malire a thandizo: kuika zizindikiro ndi nyali zochenjeza, kukonza zazing'ono zotheka m'mphindi zochepa, ndi kukokera galimoto pamalo otetezeka apafupi. Zoposa apa zikhale za mwini galimoto, ndipo amakaniko ndi eni magalaja asalandidwe malonda ao. Kunyamula ovulala ndi nchito ya a zaumoyo, yokhala ndi thumba lake, ngakhale kuti olondera ayenera kudziwa chithandizo choyamba ndi nambala yoitanira ambulansi.

Chachinayi, paikidwe denga la ndalama, gawo lodziwika la zotoleredwa limene silingapyoledwe popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo. Malo oyenera kuyambirapo ndi chigawo cha M1 cha pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, pakuti pamenepo pali kale zipata ziwiri, magalimoto ngochuluka, ndipo woyendetsa amene walipira pa Chingeni kapena pa Kalinyeke adzaona ndi maso chimene ndalama yake yagula. Zitunda zoopsa monga za Chiweta zingatsatire pamene ziwerengero zasonyeza kuti nchitoyo ikupindula.

Chachisanu, chaka chilichonse pakhale lipoti loperekedwa kwa aphungu, lonena magalimoto amene anathandizidwa, nthawi imene inapita asanachotsedwe, ndalama zimene zinalowa, ndi zimene eni malole anabweza. Nchito imene siwerengedwa siingatetezedwe pa nthawi yodula bajeti, monga a ku Florida anaonera. Lamulolo lilembedwenso motchula cholinga osati chipangizo, pakuti matelefoni a m'mphepete mwa mseu a ku California, amene anali chinthu chamakono mu 1985, ambiri anachotsedwa pamene anthu anayamba kuyenda ndi mafoni m'thumba.

UDINDO WA ANCHITO A BOMA NDI APHUNZITSI

Nkhani imeneyi si ya akatswiri a malamulo okha. Anchito a Boma m'makhonsolo ndiwo amasunga mndandanda wa miseu ya m'maboma, ndipo miseu yambiri imene anthu a m'midzi anailambula ndi makasu ao, nayenda pa iyo zaka zambiri, sinalowe m'kaundula. Mseu wosalembedwa uli ngati mwana wosalembetsedwa kusukulu: alipo ndithu, koma pogawa mabuku dzina lake silitchulidwa. Ngati ndalama zitsata tanthauzo lopapatiza, ndiye kuti kulemba miseu m'kaundula moona ndi mwachangu ndi nchito yachilungamo, yosayenera kuisiya m'mafaelo.

Aphunzitsi nao ali ndi gawo lao. Ana ambiri amayenda m'mphepete mwa miseu ikuluikulu popita ndi pochokera kusukulu, ndipo galimoto yakufa imawakopa kuti aiyandikire, pamene pali pomwe ngozi yachiwiri imagwera. Mwana wophunzitsidwa kutalikira galimoto yotere, ndi wodziwa kuti mseu umamangidwa ndi msonkho umene makolo ake amalipira pokwera minibasi, adzakula akudziwa kufunsa za ndalamazo ndi kusamala zikwangwani zimene ena amazizula kukasula makasu. Ndipo oyendetsa onse akumbuke kuti ngakhale olondera atakhalapo, udindo woyamba woika zizindikiro zofiira za ngodya zitatu ndi kuchotsa nthambi ndi miyala pochoka udzakhalabe wao.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Palibe woyenda pamseu amene angalumbire kuti basi yake siidzakumana ndi lole yakufa pokhota usiku wa mvula. Dziko limene linatha kumanga mpanda woteteza ndalama za miseu mu 1997 ndi mu 2006 likhozanso kuikapo khomo limodzi lopapatiza, lolembedwa bwino ndi lolonderedwa, lakuti ndalamazo zichotse chopinga pamseu chisanaphe munthu. Chofunika nchakuti Nyumba ya Malamulo itchule miseu yake, malire ake ndi denga la ndalama zake, galimoto yoyamba yolondera isanatuluke pachipata.